Bokosi la Zitupa

Filesi anadziwa kuti m'nyumba mwake munalowa munthu asanaone n'komwe chimene chinasowa. Waya wapachitseko, amene iye ankamupota molimba akamachoka, anali atangokolekedwa. Anatula buku la nyimbo pampando n'kusuzumira kuseri kwa mphasa imene inkagawa nyumbayo pawiri. Njerwa zinali pamalo pake, iliyonse itazunguliridwa ndi phulusa loletsa chiswe. Pamwamba pa njerwazo panalibe kanthu.

Pamenepo pankakhala bokosi lachitsulo lobiriwira la sosaite ya maliro. Anthu a pa pulazi ya fodyayi, kufupi ndi Macheke, anali ochokera ku Nyasalande ndi ku Tete, ndipo masiku a Chitaganya amenewo munthu wobwera wopanda pepala apolisi a kumeneko, mapurisa, sankamuwerengera. Nyumba za udzu zinkapsa, zinkadontha, chiswe chinkadya chilichonse. Choncho aliyense ankapereka chitupa chake, kalata ya ukwati ndi khadi la ubatizo kwa a Bizwell, mwamuna wa Filesi, amene ankadziwa kuwerenga ndipo ankavala kiyi wa bokosilo m'khosi.

A Bizwell ankalisamala bokosilo mopitirira. Banja lililonse linali ndi mpukutu wake, wokulungidwa m'pepala la thumba la simenti n'kumangidwa ndi luzi. Pakati pa mipukutu ankayalapo masamba a fodya wouma kuti tizilombo tisayandikire. Mvula ikasiya ankatulutsa zonse n'kuziyanika pamthunzi, iwo ali chikhalire pambali kuthamangitsa nkhuku. Dzimbiri likaoneka ankalipala ndi mchenga n'kupakapo mafuta a talakita ndi chala. Filesi ankachiyang'ana chala chimenecho chikuyenda pang'onopang'ono pachitsulo, n'kumadzifunsa kuti chinamukhudza liti iye mwa njira imeneyo. Kangapo konse analakalaka bokosilo litangosowa. Lamulungu limeneli bokosilo linali litasowadi.

A Bizwell anafika dzuwa litapendeka. Ataona njerwa zopanda kanthu, anagwira kiyi wa m'khosi uja ngati angawauze kanthu.

"Munali kuti?" anafunsa Filesi. "Ine popita ku mapemphero ndinakusiyani pakhonde."

"Ndinangotuluka pang'ono."

"Kupita kuti?"

A Bizwell anasiya kiyi uja n'kutsitsa dzanja. Filesi anaona penti wakuda m'mphepete mwa chikhadabo chawo chachikulu. A Bizwell ataona kuti wawaona, anapinda chalacho m'dzanja.

* * *

Nkhani inafalikira komboni yonse mbale zamadzulo zisanatsukidwe. Anthu anadzaza pabwalo, aliyense akufunsa za pepala lake. Wina kumbuyo ananena kuti zitupa zili ndi malonda, kuti anyamata ofuna kulowera ku Joni amazigula bwino kwambiri. Mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka anafika kutsogolo atasanduka mlandu.

Kapitao Kalino anali munthu wa mawu ochepa. Anaima pamaso pa a Bizwell, chikwapu chake m'khwapa.

"Kiyi ali ndi ndani?"

"Ali ndi ine."

"Nyumba nja ndani?"

"Yanga."

"Masana munali kuti?"

A Bizwell anayang'ana pansi. Anthu anang'ung'udza.

"Manje mverani," anatero Kalino. "Bwana ali ku Macheke, abwera mawa masana. Akapeza bokosi kulibe, ndiwauza, ndipo aitana mapurisa. Mapurisa akabwera sadzafunsa za bokosi lokha. Adzati aliyense aonetse chitupa. Mukudziwa nokha kuti lole yawo imanyamula anthu angati."

Anthu atabalalika, Esinati anamukokera Filesi kuseri kwa khola la nkhuku. Esinati anali mnzake wapamtima wa nyumba yoyandikana, mkazi wa a Masautso osonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Esinati anabadwira m'mapulazi momwemu, Nyasalande ankangoimva m'nkhani za amuna.

"Sha, ine sindifuna kukupweteka," ananong'ona Esinati, "koma ndani amene amabwera kuno mobwerezabwereza kudzaona bokosi? Si Adélia? Ati ndione chithunzi cha malemu, ndione chithunzi cha malemu. Chithunzi chake chimasintha mlungu uliwonse? Ndipo lero ku mapemphero unamuona?"

Filesi sanamuone Adélia ku mapemphero. Mayi wamasiye wa ku Tete uja, wakhungu losalala ndi mawu apansipansi, amene a Bizwell ankamudzukira pampando akafika.

"Nawenso sunabwere," anatero Filesi, osaganiza kanthu.

"Ine ndinali ku damu kuchapa. Amuna anga zovala zawo zantchito umazidziwa."

Filesi anabwerera m'nyumba mtima ukuwira. Ankafunitsitsa kuti akhale Adélia. Ankafuna zimenezo kuposa mmene ankafunira kuti bokosi lipezeke.

* * *

Lolemba m'mawa simbi yoitanira anthu kuntchito italira, Filesi sanapite kukathyola fodya. Anayamba ndi m'nyumba mwake momwe. Pansi panalibe mzere wosonyeza kuti bokosi linakokedwa. Phulusa la pa njerwa silinamwazike. Wakubayo analinyamula mosamala, ngati munthu wodziwa mmene limakhalira. Kenako anaona kuti pamsomali wa kuseri kwa chitseko palibe nsanza yachitenje imene iye ankapindira nkhata popita kumadzi.

Mwamuna sapinda nkhata. Mwamuna akananyamula paphewa kapena panjinga. Wakubayo anali mkazi, ndipo anasenza pamutu.

Njira yochoka pa komboni inali imodzi: inkadutsa kuseri kwa mabalani n'kutsetsereka kupita ku damu. Mlonda wa mabalaniwo anali sekuru Sixpence, mkulu wa ku Tete wa mano awiri apatsogolo okha. Filesi anamupeza atakhala pa chitsa, akufinya maso ngati kuwala kukumupweteka.

"Sekuru, dzulo masana munali pano?"

"Mai, ine pano ndiye pangu. Ndingapite kuti? Dzulo ndinamwako pang'ono, sindikana, Lamulungu ndi la Mulungu, koma maso anali otsegula. Limodzi linali lotsegula chaizvo, kwenikweni."

"Panadutsa munthu?"

"Panadutsa mbuzi za kapitao. Panadutsa mwana wa bwana pa hachi. Hachi imeneyo, mai, kwathu ku Tete..."

"Munthu wamkazi, atasenza katundu."

Sixpence anakanda m'ndevu. "Ehe. Ameneyo anadutsa. Wopita kukachapa. Mtolo waukulu, wokulunga m'bulangeti."

"Nkhope munamuona?"

"Ine ndinali pansi pa mtengo wa muwanga uko, iye uku. Ndinaona msana. Koma ndinamumvera chisoni. Khosi linachita kulowa m'mapewa, akuyenda ngati ng'ombe yokoka pulawo. Ndinati mai ameneyu amuna ake amavala zitsulo?"

"Pobwera munamuonanso?"

"Anabwera akuyenda ngati mtsikana, bulangeti lili m'khwapa. Ndinati wachapa msanga. Kenako tulo tinandiba."

Filesi anaima kaye. Zovala zimalemera pobwera ku damu, zitanyowa. Popita sizilemera. Ndipo munthu wochapa sabwera ndi bulangeti lokha.

"Anali wamtali ngati Adélia?"

Sixpence anatsegula diso lachiwiri lija n'kumuyang'ana. "Mai, mukufuna ndilewe kuti Adélia? Mukafuna ndilewa. Koma ine ndinaona msana."

* * *

Adélia anali m'shedi, akumanga masamba a fodya pandodo pamodzi ndi amayi ena. Filesi atamuitana, anapukuta manja ake omata ndi utomoni n'kutuluka mosafulumira. Ngakhale atavala chiguduli m'chiuno ankaoneka ngati wavala za ku tchalitchi, ndipo zimenezi zinamuwawa Filesi.

"Dzulo masana munali kuti, mai?"

"Kumanda."

"Nokha?"

Adélia anayang'ana kumbali. "Afunseni amuna anu."

Mawuwo anamulasa Filesi pansi pa nthiti. "Ndikufunsa inu."

"Mtanda wa mwamuna wangu unafufutika ndi mvula. Dzina silinkaonekanso. Ine kulemba sindidziwa. Ndinapempha a Bizwell. Anabwera ndi penti, analemba. Analembanso mitanda ina ya anthu amene alibe abale pano. Ine ndinkagwira chitini."

"Masana onse?"

"Mitanda ndi yambiri."

"Nanga n'chifukwa chiyani sananene pamaso pa anthu?"

"Chifukwa inu munali pomwepo," anatero Adélia mofatsa. "Ine bokosi ndingalibe bwanji? Nkhope ya mwamuna wangu ili momwemo. Ndilibe ina."

Filesi sanakhulupirire mpaka atakaona yekha. Manda anali kuseri kwa munda wa bulugamu. Mitanda inaima m'mizere yokhotakhota, ndipo yambiri inali ndi zilembo zatsopano zakuda, zowala. Anakhudza chilembo chimodzi, penti n'kumata kuchala. Dzanja limene linalemba ankalidziwa: a Bizwell okha ndi amene ankalemba zilembo zoima chilili ngati asilikali. Pansi pa mtengo panali pamene udzu unagona, pomwe anthu awiri anakhala kupumula. Filesi anayeza ndi maso mpata wa pakati pa malo awiriwo. Unali waukulu ndithu. Anayezanso.

Adélia sanabe bokosi. A Bizwell sanagulitse zitupa. Nkhani imeneyi inayenera kumusangalatsa, koma anachoka kumandako wosakondwa. Dzuwa linali litakwera, ndipo m'manja analibe kanthu.

* * *

Pobwerera anakumana ndi a Masautso akukankha wilibala ya nkhuni. Anali munthu wamkulu thupi, woseka msanga, mtchona weniweni amene anachoka ku Ntcheu tsitsi lisanachite imvi.

"Alamu, nkhani ya bokosi yandidwalitsa," anatero akutula wilibala. "Ine ndiye yandipweteka kuposa onse. Loweruka lomweli ndinawauza a Bizwell kuti Lolemba anditulutsire mpukutu wanga."

"Mumafuna mukatani nawo?"

"Kumudzi, alamu. Fodya akangotha ndikakwere lole za Ulere, zija za boma zosalipiritsa. Munthu usafere m'dziko la eni." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa manyazi. "Mayi a kunyumba aja akadali moyo. Anatumiza mawu kudzera kwa mnyamata wina wobwera chaka chino. Ati denga lagwa."

Filesi ankadziwa, monga aliyense pa komboni, kuti a Masautso anasiya mkazi wa ukwati wa mu tchalitchi ku Ntcheu. Nkhani yopita kumudzi ankainena chaka ndi chaka akamwa mowa, moti palibe amene ankaiwerengera. Koma kupempha mpukutu anali asanapemphepo.

"Esinati akudziwa?"

"Anali pomwepo ndikuwauza a Bizwell. Sananene kanthu. Dzulo anachita kundiphikira nkhuku." Anagwiranso wilibala. "Ndithamange. Balani lakumapeto talidzaza m'mawa uno, ndiyenera kuyatsa. Nkhuni ndinalongeratu m'ng'anjo Loweruka."

"Zovala zanu zantchito anakuchapirani dzulo?"

A Masautso anadziyang'ana malaya awo olimba ndi thukuta ndi utomoni, n'kuseka. "Izi? Mwaona ngati zaona madzi?"

Wilibala inapita ikulira. Filesi anatsala panjira, dzanja lili pakamwa.

* * *

Chingwe choyanikira cha Esinati chinali chopanda kanthu. Mwini wake anali kuseri kwa nyumba, atagwada pa bafa, akutikita bulangeti. Filesi ataitana, Esinati anatembenuka thupi lonse, khosi lili chiwumire.

"Nawenso sunapite kuntchito?" anatero Esinati. "Ine khosi, sha. Ndinagonera mbali yoipa."

Filesi anayang'ana m'bafa. Madzi anali akuda bii, ndipo pamwamba pake pankayandama timadontho ta mwaye.

"Dzulo unachapa ku damu. Lero ukuchapanso?"

"Linagwera pamoto."

"Moto wako uli panja, mwaye wotere ulibe." Filesi anakhala pansi moyang'anana naye. "Nsanza yanga ya nkhata ili kuti?"

"Ukunena chiyani iwe?"

"Waya wa chitseko changa umamudziwa. Pamene pamakhala nsanzayo umapadziwa. Sixpence anakuona ukupita wolemedwa, n'kubwera wopepuka. Ine m'mawa wonse ndathamangitsa Adélia chifukwa iwe unandilozera kumeneko, ndipo unkadziwa kuti ndithamanga."

Esinati anapitiriza kutikita bulangeti, koma manja ake ankangobwereza malo amodzimodzi.

"Bokosi lili kuti, Esinati?"

"Iwe uli ndi mwayi," anatero Esinati, mawu ake atasintha. "Iwe mnzako umamuona. Umadziwa mmene amayendera, umadziwa duku lake. Ine wanga sindinamuonepo. Ali uko, sadwala, sakalamba, sakangana ndi munthu. Ine ndi amene ndimawatsuka mabala a moto, ndi amene ndinawadikirira m'chipatala cha ku Marandellas chifuwa chitawagwira. Iye wangoti denga lagwa, basi munthu wayamba kulongedza."

"Ukanatenga mpukutu wawo wokha."

"Nditsegule ndi chiyani? Ndipo ndikanatsegula, ndikanaudziwa bwanji? Kwa ine mapepala onse ndi amodzi."

"Ndiye anthu onsewa akwere lole ya mapurisa chifukwa cha iwe? A Bizwell akalowe m'ndende?"

"A Bizwell akanatuluka. Adélia akananena kumene anali." Esinati anadzutsa maso ofiira. "Usandiyang'ane choncho. Iwe ukanakhala ndi njira yomuchotsera Adélia pa pulazi pano, ukanaisiya?"

Yankho la funsolo Filesi ankalidziwa. Anagwira mkono wa Esinati. "Unaliponya m'damu?"

"Ku damu sindinafike."

Maso a Esinati anathawira kuseri kwa mutu wa Filesi, kumtunda. Filesi anatembenuka. Pamwamba pa mitengo, pa chumuni cha balani lakumapeto, panali patayamba kutuluka utsi woonda wotuwa.

"Amuna anga ayatsa ndi dzanja lawo," anatero Esinati chapansipansi. "Ine sindinayatse."

* * *

Filesi anathamanga chitenje chili m'manja. Podutsa pa shedi anakuwa dzina la a Bizwell, ndipo amayi anasiya ndodo zawo n'kumutsatira. Anapeza a Masautso atanyonyomala pakamwa pa ng'anjo, akukupiza moto ndi chidutswa cha lata.

"Zimitsani. Bokosi lili m'katimo, kuseri kwa nkhuni."

A Masautso anamuyang'ana osamvetsa. Kapitao Kalino anatulukira pakona ya balani.

"Palibe wozimitsa moto pano. Fodya wa bwana ali m'kati. Akaonongeka alipira ndani?"

Filesi sanatsutsane naye. Pakhoma panatsamira chitsulo chachitali chokowera makala. Anachitenga n'kukowa chipika choyamba, chikuyaka, n'kuchigwetsera pafupi ndi mapazi a kapitao, amene analumpha chammbuyo. Anakowa chachiwiri. Utsi unamulowa m'maso, kutentha kunamuwamba kumaso, koma anapitiriza. Mwayi wake unali woti moto woyamba wa fodya umakhala wochepa, wongofunditsa masamba kuti asanduke achikasu, ndipo unali usanafike kumapeto kwa ng'anjo.

A Bizwell anafika akupuma mwabefu, namulanda chitsulocho. Anagona chafufumimba m'phulusa, n'kulowetsa mkono wonse. Chitsulo chinagunda chinthu chimene chinalira mosiyana ndi njerwa. Anakowa chogwirira, a Masautso anagwira kumbuyo, nakoka onse awiri.

Bokosi linatuluka likufuka. Mbali imodzi penti anali atatupa n'kusanduka wakuda. Wina anabwera ndi ndowa ya madzi, koma a Bizwell anamutchinga ndi thupi lawo.

"Musathire. Madzi alowa m'kati. Lisiyeni lizizire lokha."

Anthu anaima mozungulira kudikira chitsulo kuti chizizire.

* * *

Loko anavuta, koma anatseguka. Fungo la fodya wopserera linatuluka. A Bizwell anayamba kutulutsa mipukutu umodziumodzi, akutchula dzina, mwini wake n'kuyankha. Yambiri inali bwinobwino, yangofunda. Ina mapepala a simenti anali atachita bulauni m'mphepete. Itatsala ya mbali imene inayang'ana kumoto, manja a a Bizwell anayamba kuchedwa. Luzi la mpukutu wina linaduka lokha atangolikhudza.

"Adélia," anatero.

Adélia anabwera kutsogolo. Khadi la ubatizo linali litapsa theka. Chitupa cha malemu chinapindika ngati tsamba louma, ndipo pamene panali chithunzi panatsala chibanga chakuda chonyezimira. Adélia anachilandira ndi manja awiri, nachiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire.

"Mayina ndi masiku ndikuwakumbukira," anatero a Bizwell mofewa. "Ndikulemberani pa pepala lina, tidzapite nalo kwa abambo a ku mishoni akadinde."

Filesi anamva kufewa kwa mawuwo, ndipo nsanje yakale ija inadzukanso m'chifuwa mwake, ngakhale nkhope yake inali ikadawawa ndi moto. Anachita manyazi, koma nsanjeyo sinagone.

"Mudzalembere pakhonde pathu," anatero. "Mai Adélia, mudzabwere. Ndidzakhala ndilipo."

Adélia anamuyang'ana, nagwedeza mutu pang'ono.

Kalino anagogoda bokosi ndi chikwapu. "Bokosi silinayende lokha. Mai Filesi, inu mwadziwa bwanji kuti lili umu? Ndani?"

Filesi anatsegula pakamwa, koma sanafunikire kutchula dzina. Anthu anali akupatuka. Esinati ankabwera pang'onopang'ono, manja akadali onyowa, khosi lili chiwumire, ndipo m'dzanja anagwira nsanza yachitenje yodetsedwa ndi mwaye. Anaipereka kwa Filesi pamaso pa onse.

Panali phokoso. Ena ankati apite kwa mapurisa, ena ankati achoke pa pulazi. Kalino anakweza dzanja.

"Mapurisa ayi. Bwana ndimuuza kuti moto unavuta kuyaka. Mlandu uwu ndi wa sosaite, tiukamba Lamulungu." Anatembenukira kwa a Masautso. "Yatsani balani."

A Masautso sanasunthe. Kuseka konse kunali kutawachoka. Anatambasula dzanja kwa a Bizwell.

"Ndipatseni wanga."

Mpukutu wawo unali pakati penipeni, wosapsa ngakhale pang'ono. Anauika m'malaya, pachifuwa.

"Esinati," anatero, "za kumudzi ine ndakhala ndikunena ndi pakamwa pokha. Ngakhale Loweruka lija, mumtima ndinkati ndikangoona mapepalawo ndiwabwezera. Ndinkaopa kukafika kwathu wopanda kanthu, anthu osandizindikira. Koma wandiyatsitsa moto pa zitupa za anzanga ndi dzanja langa. Pano sindingakhalenso."

Esinati anayang'ana mipukutu imene inali itayalidwa pachiguduli, komboni yonse itamangidwa ndi luzi, kenako anayang'ana a Bizwell.

"Achimwene, inu mumawerenga. Mu mpukutu wawomo muli chitupa, muli kalata ya ukwati wa ku Ntcheu. Dzina langa lilimo?"

A Bizwell anayang'ana mkazi wawo ngati akupempha thandizo. Filesi anayang'ana pansi. Ankawadziwa amuna ake: pa nkhani ya mapepala sankanama.

"Mulibe, mai."

"Nanga m'bokosi monsemo? Penapake?"

"Simunabweretsepo pepala lililonse."

"Ndinalibe loti ndibweretse," anatero Esinati.

Anatembenuka thupi lonse n'kuyamba kubwerera ku komboni. Anthu anamupatukira njira, palibe amene anamukhudza. A Masautso anagwada pakamwa pa ng'anjo n'kuyamba kubwezeramo zipika. Filesi anaima pakati. Kumbuyo kwake ankamva a Bizwell akufunsa Adélia dzina la mudzi wa malemu, ndipo khutu lake linkafuna kutsalira pomwepo kuti limve mawu aliwonse. Kenako anamanga chitenje chake bwinobwino, n'kutsatira Esinati.